Manja a Diresi la Keziah

Mu Okutobala dzuwa la ku Lusaka silicheza ndi munthu, ndipo pansi pa malata a msika wa Kabwata ngakhale ntchentche zimauluka monyinyirika. Koma ndi mwezi womwewu umene aliyense amakumbukira kuti ali ndi mwana woti akwatiwe mvula isanagwe, ndiye atelala sapuma. Regina, amene kashopu kake kali moyang'anana ndi ogulitsa zitenge, anali atasokera akwatibwi ambirimbiri madiresi a kitcheni pate, phwando lija la amayi okhaokha lolangira mkwatibwi ndi kumupatsa ziwiya za m'nyumba. Diresi limene linapachikidwa kuseri kwa chitseko chake chaka chino linali lina. Linali la Keziah, mtsikana amene ankakwatiwa ndi Bwezani, mwana wake wa Regina wobereka yekha.

Mawu akuti "mwana wanga" Regina ankawagwira mosamala ngati kapu yobwereka, chifukwa mwanayo anamusiya akadali wa kabudula wa sukulu.

Nthawi imeneyo ankakhala ku Woodlands, m'nyumba ya mpanda wautali ndi maluwa pageti. Mwamuna wake, Hector, anali wa ntchito yabwino m'tauni komanso mkulu wa mpingo, wa pemphero lalitali lija loziziritsa chakudya. Kunja anthu ankamutcha munthu wa Mulungu. M'nyumba dzanja lake linali lachangu kuposa pakamwa pake. Regina anapirira monga anamulangira alangizi, kuti banja ndi kupirira ndipo za m'nyumba sizituluka pageti. Kusoka anakuphunzira zaka zimenezo, pa makina akale a mphatso ya ukwati, ndipo chinthu choyamba chimene anachidziwa bwino chinali kulumikiza manja aatali pa diresi lililonse limene anali nalo. Amayi a kumpingo ankamuyamikira kuti amavala mwaulemu.

Chimene chinamuchotsa m'nyumbamo si ululu wake ayi. Tsiku lina chibakera chinamuphonya n'kukhudza Abby, khanda limene anabereka kumbuyo. M'mawa mwake Hector atangotuluka, Regina anatenga kachikwama kakang'ono, anaponyamo matewera ndi madiresi awiri, anabereka Abby, n'kukwera minibasi ya ku Chelstone kwa msuweni wake Exildah. Bwezani anali kusukulu. Minibasiyo inadutsa pafupi ndi mpanda wa sukuluyo, inaimanso kumene potsitsa munthu, ndipo Regina anaona ana akuthamangitsana pabwalo. Sanatsike. Anadziuza kuti mnyamatayo bambo ake sanamukhudzepo ngakhale ndi chala, amamukonda, amapita naye kumpira, amamulipirira sukulu yabwino, pamene kwa Exildah kunali simenti yogonapo basi. Anati akakhazikika adzamutenga. Maganizo amenewa anali omveka bwino kwambiri, ndipo Regina wakhala akuwabwereza mumtima mpaka lero osawapeza polakwika, komanso osapeza mtendere.

Atakhazikika, geti la ku Woodlands linali lotseka. Hector anali atauza mwanayo kuti amayi ake anathawa ndi mwamuna wina, ndipo akumpingo amene akanatsutsa anaona kuti si nkhani yawo. Regina ankakaima tsidya la msewu nthawi yoweruka sukulu, atanyamula tizinthu m'pepala. Ulendo wina mwanayo anamuona bwinobwino, anamuyang'ana, n'kutembenukira kumpanda mpaka galimoto ya bambo ake itafika. Pambuyo pake Hector anamutumiza mwanayo kusukulu yogonera komweko, kutali.

Moyo sudikira wolira. Regina anayamba ndi zigamba pakhonde la Exildah, kenako mayunifomu a ana a m'dera, kenako madiresi a makwaya, mpaka anapeza kashopu ku Kabwata ndi kanyumba ka lendi kotseka ndi kiyi wakewake. Abby anakula osadziwa mkokomo wa mbama, ndipo tsopano ankaphunzira unamwino ku Ndola. Amayi anzake pamsika ankamuloza Regina monga chitsanzo, kuti uyu ndiye anapulumuka. Iye ankangomwetulira. Ankadziwa kuti anapulumuka ngati munthu wothawa moto amene watuluka ndi nsapato imodzi.

Chaka chatha, Loweruka lina masana, m'kashopu kake munalowa mnyamata wamtali wovala bwino, wa makiyi a galimoto m'manja, akufuna kufupikitsa thalauza. Regina anagwada kuti apinde mwendo wa thalauzalo, ndipo anadabwa kuti linali lomukwana kale. Atakweza nsalu pang'ono anaona chipsera pa kakolo, chija cha tcheni cha njinga chimene anachitsuka yekha ndi madzi amchere mwini wake akukuwa ngati akumupha. Anakhala chogwada, mapini ali pakamwa.

"Ni ine," anatero mnyamatayo.

Sanakumbatirane tsiku limenelo. Bwezani analipira thalauza losafupikitsidwa n'kupita. Koma Loweruka linalo anabweranso ndi malaya oti aikemo batani, kenako jekete, mpaka zovala zonamizira zinamuthera n'kuyamba kubwera chimanjamanja. Ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Longacres. Poyamba ankati "ba Regina", ngati kasitomala aliyense. Tsiku limene pakamwa pake panatuluka "ba mami", Regina anasoka kolala yonse chagada ndipo anachita kuimasula mawa lake akuseka yekha. Za kale sanazikambe. Aliyense ankaopa kuti akazikhudza, mnzake sadzabweranso.

Ndiye anabwera ndi Keziah, mphunzitsi wa ana aang'ono wa ku Chelstone, wa mawu otsika ndi kuseka kobisa mano. Bwezani ananena kuti diresi la pa kitcheni pate asoke amayi ake, ndiponso kuti pampando wa mayi wa mkwati padzakhale iwo, osati ba Elizabeth, mkazi amene Hector anakwatira pambuyo pake. Nkhaniyi anakangana nayo ndi bambo ake mpaka kumenya matebulo, koma sanabwerere m'mbuyo. Mpando wa pulasitiki wokutidwa ndi nsalu yoyera si kanthu, koma kwa Regina unali chilichonse. Pamaso pa amayi a ku Woodlands omwe aja, mwana wake akanadzagwada kutsogolo kwake n'kumupatsa moni monga mayi. Anadzisokera chovala chake chatsopano, n'kuchibisa m'pepala kuti fumbi la msika lisachione.

Phwando litayandikira, Keziah anabwera yekha kudzayesa diresi. Linali la chitenge chobiriwira cha maluwa agolide, losiya mapewa ndi mikono poyera monga anasankhira yekha pa chithunzi cha m'foni. Analowa atavala kajuzi kopyapyala, kunja kukuwotcha chonchija. Anagwada kupereka moni, anafunsa za Abby, anayamikira ulusi, anazungulirazungulira, mpaka ananena chimene anabwerera.

"Ba mami, nifuna muikeko manja. Yatali, yofika apa." Analoza pamfundo ya dzanja.

Regina anaseka n'kumufunsa ngati akufuna kukakomoka pakati pa alendo, pakuti mkwatibwi amakhala kale atafunditsidwa chitenge kumutu ngati mbatata yophika. Keziah anati kwawo akuti mapewa apoyera si ulemu. Regina sanatsutse. Anatenga tepi, n'kumuuza kuti avule kajuziko kuti ayeze mkono. Mtsikanayo anazengereza, anavula mbali imodzi, n'kupereka mkono wamanzere. Telala aliyense amadziwa kuti mikono ya munthu siilingana, ndipo Regina sanasokepo manja atayeza umodzi wokha. Anakoka kajuziko mwachizolowezi chabe, asanaganize n'komwe.

Pamwamba pa chigongono panali madontho akuda ondondozana, ndi lina lalikulupo kuseri kwake. Ena anali atayamba kuyezuka. Pansi pake panali ena akale.

Keziah anafulumira kunena kuti anadzigunda pa chitseko cha wadiropu.

"Wadiropu ya kwanu ili na zala zingati?" anafunsa Regina, motsitsa mawu.

Mtsikanayo anayang'ana pansi.

"Ine inali filiji," anatero Regina. "Chitseko cha filiji chinanimenya zaka zambili."

Apo Keziah analira, kulira kopanda phokoso kwa munthu amene anaphunzira kale kusamveka. Ananena kuti Bwezani si munthu woipa, amangopsa mtima akamuchedwera kuyankha foni kapena akamuona akuseka ndi aphunzitsi anzake, ndipo pambuyo pake amalira ndi kupepesa mpaka iwe womenyedwa kuyamba kumutonthoza. Anati alangizi anamuuza kuti amuna amatero ukwati ukayandikira, zimatha mukalowa m'nyumba. Regina ankamva mawu akeake a kale akutuluka m'kamwa mwa mwana wa eni, mwina kusiyana dzina lokha.

"Osamuuza kuti mwaona, napapata," anachonderera Keziah povala kajuzi kake. "Ikani chabe manja."

Atapita, Regina anachita chimene manja ake ankadziwa. Anayala chitenge chotsala patebulo, anajambula ndi choko, anadula manja awiri okongola, n'kuwamanga ndi mapini. Inali ntchito yosatenga nthawi, ndipo palibe telala mu Kabwata yense akanailumikiza bwino kumuposa. Mumtima ankadziuza kuti kasitomala wapempha manja, telala aike manja, nkhani yathera pomwepo. Ankadziuzanso kuti mwina n'zoona zimatha. Munthu ukafuna kudzinamiza susowa mboni.

Anaika nsalu pansi pa singano, phazi lili pa chopondera, koma silinaponde. Anakumbukira amayi ake a Hector, mayi wachifundo amene ankamubweretsera mtedza kuchokera ku Katete. Lamulungu lina m'mawa mayiyo anamupeza akuvala, anaona mkono wake. Kenako anavula juzi yawo, anamuveka bwinobwino, anamukonza kolala, n'kunena kuti m'tchalitchi mumazizira. Regina anawathokoza tsiku lija. Anazindikira patapita zaka kuti mayiyo sankafunditsa iye, ankafunditsa mwana wawo. Tsopano juzi ija inali pansi pa singano yake, yobiriwira, ya maluwa agolide.

Madzulo anaimbira Exildah. Msuweni wakeyo, amene anamutsegulira chitseko kale popanda funso, ulendo uno anamuuza kuti atseke pakamwa. Anati mwana wangobwera kumene, bala silinapole, ukalikanda adzapita ndipo sadzabweranso ndi thalauza lina. Anati mtsikanayo ali ndi amayi ake, ali ndi alangizi ake, si ntchito ya mpongozi kuneneza mwana wake yemwe. Exildah sanali woipa mtima. Anali ataona Regina akulirira mnyamata ameneyu zaka zonsezo, ndipo sanafune kuonanso.

Regina anayesa njira ya pakati. Anakwera minibasi kupita ku Chelstone kwa amayi ake a Keziah, ananena zimene anaona mosamala monga angathere. Anamulandira ndi tiyi ndi masikono. Anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako mayiyo anati makhadi anapita kale, achibale a kutali anagula kale matikiti a basi, ndipo ana akakangana akuluakulu amawakhazika pansi ukwati ukachitika. Pomuperekeza pageti anawonjezera, akumwetulira, kuti si onse amene nyumba inawakanika. Regina anameza mawuwo. Si koyamba kuwamva.

Panatsala munthu mmodzi, yemwe ankamuopa kuposa onse.

Bwezani anabwera Loweruka masana kudzatenga diresi, ali ndi botolo la chakumwa chozizira cha amayi ake monga ankachitira. Anapereka moni mwansangala, anakhala pa kampando ka makasitomala, miyendo yake yaitali itatsekereza khomo. Regina anamuyang'ana akuseka, mano ake, mphumi yake, ndipo anafuna ndi mtima wonse kuti angomupatsa diresilo n'kumufunsa za keke. Diresi linali m'thumba lake, lopinda bwino. Manja awiri aja anali patebulo, mapini ali momwemo.

Bwezani anawaona n'kufunsa ngati ntchito sinathe.

"Yasila," anatero Regina, pakuti inali itathadi. "Aya sinizaikako. Bwezani, ninaona mkono wa Keziah."

Nkhope ya mnyamatayo inasintha pang'onopang'ono, ndipo Regina anaizindikira nkhope imene inatsalayo. Anaidziwa kuyambira asanamubereke. Bwezani anafunsa kuti wamuuza ndani. Regina anati palibe, ali ndi maso. Anapitiriza mwachangu: anati ukwati ukhoza kudikira, kuli anthu amene amathandiza amuna a mkwiyo wotere, iye adzapita naye kulikonse, adzakhala panja kumudikira ngati akuchita manyazi. Anati sakumuda, sangamude. Koma sadzasoka nsalu yobisa zimene wachita.

Kunja wogulitsa zitenge ankakangana ndi kasitomala. Bwezani anaika botolo lija pansi mosamala kwambiri.

"Imwe mufuna kuniphunzitsa vokhala mu nyumba," anatero. "Imwe. Munanisiya na ndani?"

Funso limeneli Regina analidikira zaka zonse, ndipo yankho anali nalo lokonzeka, lija la mu minibasi. Analinena. Anati ankadziwa kuti bambo ake sangamumenye, ankamukonda, ndipo iye analibe poti amugoneke.

"Sananimenyepo," anavomera Bwezani. "Olo kamozi. Ine nchito yanga inali ya tivi. Akayamba, niyenda kukweza volyumu kuti maneba asamvele. Ananiuza kamozi chabe, pambuyo ninaziba nekha. Pamene munaliko, na pamene munayenda. Na ba Elizabeth ni chimozimozi, mpaka ninakula."

Regina anagwira m'mphepete mwa tebulo. Phokoso la tivi ankalikumbuka bwino, nyimbo za malonda a sopo zikugunda makoma iye ali pansi m'chipinda. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ankakweza ndi Hector asanalowe. Sanadzifunsepo kuti munthu amene ali m'chipinda, dzanja lili m'tsitsi lako, angakweze bwanji tivi ya pabalaza. Ankadzitonthoza kuti mwanayo amakhala akugona, kapena akusewera, sakudziwa kanthu. Pamene iye ankasoka manja aatali kuti anthu asaone, kamwana kake kankaima pa tivi kuti anthu asamve. Ankagwira ntchito imodzi, mayi ndi mwana, ndipo iye atatopa nayo anachoka n'kumusiyira mnzakeyo yekha.

Anafuna kupepesa, koma "pepa" ndi mawu a munthu amene wakuponda phazi mu minibasi. Anangotchula dzina lake.

Bwezani anaimirira, anatenga thumba la diresi. Pakhomo anatembenuka.

"Mpando uja muibaleko," anatero, ndipo anapita. Botolo linatsala pansi, likutuluka thukuta pa simenti.

Masiku otsatirawo Regina anasoka za anthu ena monga mwa nthawi zonse, pakuti makwaya sadziwa kuti telala ali ndi chisoni. Ankadzifunsa ngati Exildah sananene zoona. Mtsikana sanamupulumutse, mwana wamutaya, ndiye wapindulanji? Pena ankalakalaka akanangoponda makina tsiku lija. Pena ankabwerera kutali kuposa apo, pa minibasi itaima pafupi ndi mpanda wa sukulu, chitseko chili chotsegula, kondakitala akufunsa ngati pali wina wotsika. Madzi akatayika sawoleka, koma munthu sasiya kuyang'ana pamene anatayikira.

Khadi la phwando anali nalo kale, ndipo palibe anabwera kudzamulanda. Mlendo wa pa kitcheni pate sapita chimanjamanja. Regina anatenga chitenge chobiriwira chotsala, anachiphatikiza ndi nsalu yolimba ya mkati, n'kusoka chikwama chachikulu cha zipi yamphamvu, choti mwana akhoza kubisalamo. Manja awiri aja anawapinda kangapo, anawadinda ndi ulusi wokhuthala, anasanduka zogwirira.

Phwando linali m'munda wa maluwa wobwereka ku Kabulonga, pansi pa matenti oyera. Regina anasiya chovala chatsopano chija m'pepala lake, anavala diresi wamba, n'kukakhala kumbuyo pafupi ndi amayi ophika. Kutsogolo, pampando wokutidwa ndi nsalu yoyera, panali ba Elizabeth, mayi wowonda wofatsa amene Regina sanamuonepo pafupi. Anavala bulauzi ya manja ofika m'zala, kutentha konseko. Regina anayembekeza kuti amuchitira nsanje, koma nsanje sinabwere.

Ng'oma zinalira, alangizi analowa ndi mkwatibwi atamufunditsa chitenge, akuyenda pang'onopang'ono ndi nyimbo zawo. Kenako anaitana mkwati. Bwezani analowa ndi anzake ndi alongo a kwa bambo ake, atanyamula maluwa, wokongola moti amayi analuluta mpaka mbalame kuthawa m'mitengo. Anapinda chitenge chija pang'onopang'ono mpaka nkhope ya Keziah inaoneka. Diresi linamukhala monga Regina analidulira. Pamapewa panali manja a lesi yokhuthala, osokedwa mothamanga ndi telala wina, msoko wake wokhota, mtundu wake wosagwirizana n'komwe. Amayi oyandikana naye ankati ndi fashoni yatsopano.

Monga mwa mwambo, mkwati anapita kukagwada kwa amayi ake a mkwatibwi, kenako kwa ba Elizabeth. Mawondo a thalauza lake anadetsedwa ndi udzu. Podzuka maso ake anadutsa pamwamba pa mitu ya anthu n'kufika kumbuyo, anaima pamenepo kanthawi, n'kupitirira. Anatuluka ndi anzake, pakuti zotsalazo si za amuna.

Inafika nthawi ya mphatso. Pa kitcheni pate mphatso siingoperekedwa: mwini wake amaitanidwa, amavina pang'ono, amagwada pafupi ndi mkwatibwi n'kumuuza ntchito ya chinthucho m'banja. Mkwatibwi sayankha, sayang'ana munthu kumaso, amangowerama, ndipo matironi wokhala pambali pake amalandira mphatso n'kuiika pamulu. Anabwera a mapoto, a mbale, a mtsuko wa magetsi, aliyense ndi phunziro lake la momwe mwamuna amasungidwira. Wina anabweretsa sefa n'kunena kuti mkazi azisefa mawu asanatuluke nawo panja. Amayi anawomba m'manja.

Wolengeza atakweza chikwama chobiriwira n'kufunsa mwini wake, Regina anaimirira. Kunong'onezana kunayenda m'matenti, pakuti a ku Woodlands anamuzindikira. Sanavine. Wina anakuwa kuti chikwama chotere n'cha kuchipatala pokachira, ndiye kuti apongozi akufuna mapasa, ndipo anthu anaseka. Regina anawasiya aseke. Anakana maikolofoni, anagwada pa mphasa, anaika chikwamacho pa miyendo ya Keziah, n'kuyandikiza pakamwa pake kukhutu kwa mtsikanayo.

"Mwana wanga, nachita dala kuchikulitsa," ananong'ona. "Sinikuuza kuti uyende. Koma siku ukayenda, tenga bana bonse. Osasiyako olo umozi, olo aoneke monga ali bwino. Changa chinali ching'ono. Nyumba yanga uiziba."

Keziah sanayankhe, monga mwambo ufunira. Matironi anatambasula dzanja kuti atenge chikwamacho apite nacho pamulu. Sichinachoke. Zala za mkwatibwi, zotuluka m'lesi yokhota ija, zinali zitakulunga chogwirira chimodzi. Matironi anakokanso pang'ono, anayang'ana mtsikanayo, n'kuchisiya. Wolengeza anaitana wa mphatso yotsatira.

Regina sanadikire chakudya. Anatuluka pageti kulowa mumsewu wa mitengo ya jakaranda, maluwa ake a pepo atagwa ponseponse. Magalimoto a alendo anandandalika m'mbali, ndipo pa imodzi mwa iwo panatsamira Bwezani, jekete atavula, akudikira kuti phwando lithe. Anzake anali patali pang'ono akuonetsana za m'foni. Panalibe njira ina yopitira kokwerera minibasi koma kudutsa pomwepo.

Anaima pafupi naye. Mawondo a thalauza anali akadali ndi udzu, ndipo dzanja la Regina linafuna kukasasa.

"Bwezani," anaitana.

Mwana wake anamuyang'ana monga anachitira tsiku lija tsidya la msewu wa sukulu. Anatsegula chitseko, analowa m'galimoto, anatseka. Galasi linali lotsitsa, ndipo Regina anawerama kuti anene zimene zinamukanika m'shopu, kuti akanatsika minibasi ija, kuti anayenera kutsika. Anaona dzanja la Bwezani likupita pa wailesi, mosafulumira, mosayang'ana n'komwe. Nyimbo inakwera mpaka chitseko cha galimoto kunjenjemera.

Regina ananenabe mawu akewo mpaka kumapeto, pakamwa pakuyenda popanda womva. Atatha anawongoka, anakonza chitenge chake, n'kuyamba kuyenda kupita kokwerera minibasi ya ku Kabwata. Nyimbo ija inamutsatira mpaka pokhota msewu.